Phewa Lakumanzere

Esch, Luxembourg
11 Febuluwale 1996

Wokondedwa mkazi wanga Deolinda,

Ndikhulupirira kuti kalata ino ikupeza uli bwino, pamodzi ndi amayi ako ndi mwendo wawo uja. Ine kuno ndilipo, tithokoze Mulungu. Kuzizira ndiye sikukuleka. M'mawa timapeza zitsulo zitayera ndi chisanu, ukazigwira wopanda magolovesi zimakukakamira pakhungu.

Ndalama ndatumiza Lachisanu kudzera kubanki monga mwa nthawi zonse. Zachepako, usadabwe, ndinajomba masiku angapo. Upeze munthu wodulira mphesa, koma asakhale Zeferino. Chaka chatha anaidula mitengo ija ngati inamulakwira. Denga la khola lidikire ine mu Ogasiti.

Za kujombazo si nkhani yaikulu. Ndinali pansanja tikumanga zitsulo za konkire, ndiye ndinangoona kwada. Podzidzimuka ndinali chagada pamatabwa, mnzanga Belmiro akundiwomba makofi n'kumanditchula maina onse oipa amene amawadziwa. Iye akuti ndi vinyo, koma iwe ukudziwa kuti mkati mwa sabata sindipitirira tambula imodzi. Kuchipatala anandimangirira kabokosi m'chiuno tsiku lathunthu, mawaya pachifuwa, kuti kamve mmene mtima ukuyendera. Akuti umapumira panjira. Ndinawayankha kuti ngati wapeza mpata wopuma m'dziko lino ndiye wandiposa nzeru. Sanaseke. Lachitatu ndikamva zotsatira. Amayi ako usawauze.

Wandilembera kuti a komiti akufuna kupentanso machira onyamulira chifaniziro cha Roko Woyera chikondwerero cha Ogasiti chisanafike. Ndi bwino, ndisonkha nawo. Koma ukawauze kuti mtengo wakutsogolo wa mbali yakumanja asaupale. Pamene panalowa kadzenje kosalala paja si chiswe ayi. Ndi phewa la agogo anga, kenako la bambo anga, tsopano langa. Achinyamata a m'komitiwo sadziwa kuti amuna asanu ndi atatu amene timanyamula Woyera aliyense ali pamalo a banja lake, ndipo chiyambire palibe anasuntha. Ine kumanja, mtengo uli paphewa langa lakumanzere. Mlongo wako Albano mbali inayo, wake uli paphewa lakumanja. Timayenda ngati ng'ombe zapagoli, ngakhale chaka chimene sitikuyankhulana.

Anzanga kuno amandiseka. Amati ndimadutsa France yense ndi Spain yense pagalimoto kuti ndikasenze katundu waulere, ngati wakunoyu sakundikwana. Miyezi khumi ndi umodzi ndimakhala "iwe Mpwitikizi, bwera nacho icho". Koma tsiku limodzi pachaka belu limalira, makombola amaphulika, anthu amapatuka mumsewu, ndipo amayi okalamba amandiloza n'kumati uyo ali kutsogoloyo ndi Armindo, mwana wa malemu Tomé. Phewa limatupa sabata yathunthu. Kutupako ndimabwera nako kuno, ndipo kukaphwa ndimakusowa.

Undipatsire moni onse ondifunsa.

Ndine mwamuna wako,
Armindo

Esch
3 Malichi 1996

Deolinda mkazi wanga,

Moni. Ndili moyo ndipo ndikulemba ndekha, ungaonere zilembo zopindikazi. Ndikhulupirira iwe ndi amayi muli bwino.

Belmiro ndamukalipira chifukwa chokuimbira foni kugolosale kwa Graciete. Ndinamuletsa, poti foni imene ija ili ndi makutu ambiri kuposa tchalitchi. Akulumbira kuti anangoti ndi opaleshoni yaing'ono. Wina akakufunsa, uziti anandichotsa chotupa.

Andiika kamakina pachifuwa. N'kakang'ono ngati bokosi la machesi lophwatalala, kali pansi pa khungu, m'munsi pang'ono mwa fupa la phewa. Kali ndi batire mkati ndi mawaya awiri odutsa mumtsempha mpaka mumtima. Mtima ukaiwala kugunda, iko kamaukumbutsa. Sanandigonetse tulo. Anangochititsa dzanzi pamalopo n'kunditchinga nsalu kumaso, ndipo ndinkawamva akukambirana za tchuthi chawo uku akundipisa m'chifuwa ngati munthu wofuna makiyi m'thumba la jekete.

Pali chinthu chimodzi chimene ndiyenera kukuuza, ndipo ndachizengereza mpaka pano. Dzulo lake la opaleshoni kunabwera dokotala wamkulu, mayi wina wamtali dzina lake Weis, ali ndi ophunzira ake atatu. Anandifunsa dzanja limene ndimalembera. Ndinati lamanja. Anafunsa ngati ndimasaka nyama ndi mfuti, ndinati ayi. Ngati ndimaimba zeze wa azungu uja woika pakhosi, ndinati ayi, ophunzira aja n'kumwetulira atayang'ana manja angawa. Kenako anati, "Pali china chilichonse chimene mumachita ndi phewa lakumanzere?"

Yankho linali pakamwa, Deolinda. Koma Chifalansa changa ndi cha simenti ndi zitsulo. Mawu a machira sindiwadziwa, a mdipiti sindiwadziwa. Ndipo ngakhale ndikanawadziwa, ndikanayamba bwanji pamaso pa ana ovala zoyera aja, kuti kamodzi pachaka ndimasenza Woyera wa mtengo pamodzi ndi galu wake kukwera naye phiri? Ndinaona kale mmene akanayang'anirana. Ndinati, "Palibe, madamu." Analemba papepala lake, n'kupita.

Ndiye kali kumanzere. Pamalo enieni pamene mtengo umakhala.

Malamulo andipatsa ambiri. Mkono usakwere kupitirira phewa kwa masabata asanu ndi limodzi, kuti mawaya agwire. Osanyamula cholemera. Osayandikira pamene akuwotcherera zitsulo. Makina obowolera konkire aja ndiye ndisawagwirenso. Andipatsa kakhadi koyenda nako m'chikwama, kuti ndikadzagwa pamsewu anthu adzadziwe kuti mkatimu muli chiyani. Kuvala malaya kumanditengera nthawi ngati mkwatibwi. Tsitsi ndikupesa ndi dzanja limodzi.

Ndalama za odwala zimabwera, osadandaula. Gula mbewu ya mbatatesi isanakwere mtengo.

Ndikupempha chinthu chimodzi. Usauze munthu, makamaka Albano ndi Bambo Mfumu. Ogasiti ali kutali. Ndiganiza chochita.

Armindo

Esch
7 Epulo 1996, tsiku la Pasaka

Wokondedwa Deolinda,

Pasaka wabwino kwa iwe ndi amayi. Ine ndikupezako bwino, bala lauma. Nthawi ngati ino kwathu Bambo Mfumu akuyenda khomo ndi khomo ndi mtanda, iwe wamwaza maluwa pakhonde, nyama ya kambuzi ili mu uvuni. Ine ndadya bakayawo kwa Belmiro. Mkazi wake anandidulira nsombayo ngati mwana, n'kundilanda botolo m'manja ndisanathire.

Ndimayenda tsiku lililonse monga anandilamulira. Poyamba ndinkangofika pasiteshoni ya sitima n'kubwerera, ndikuyenda cham'mbali kuopa kuti wina angandigunde pabalapo. Tsopano ndimakwera phiri la kuseri kwa tauni kumene kunali migodi. Dothi lake ndi lofiira, ndipo pakagwa mvula limanunkhira pafupifupi ngati la kumunda kwa bambo ako.

Chondidabwitsa n'chakuti sindikubanika. Ukukumbuka mmene ndinkaimira pamasitepe a kunyumba kwathu n'kumanamizira kuyang'ana denga? Ndinkati ndi ukalamba. Tsopano ndimakwera mpaka kuchipinda kwanga osagwira khoma, ndipo mapazi afunda koyamba m'zaka zambiri. Ndiyenera kuthokoza, ndikudziwa. Koma kanthuka sindikakonda. Ndikamameta ndevu ndimakaona pagalasi katatukula khungu. Dzanja limangopitako lokha, m'basi, pa Misa, ngati munthu wobisa ndalama. Moyo wanga wonse ndagwira ntchito pali kapitawo kumbuyo kwanga wondiuza kuti fulumira. Tsopano wina wandilowa m'chifuwa mwenimweni.

Belmiro wanditcha Wailesi. Akalowa m'chipinda amandipotokola khutu kuti akufuna mpira wa kwathu. Akuti ndikadzafa iye ndiye adzatenge batire, poti ya galimoto yake yatha. Ndi munthu yekhayo amene sandiyankhula motsitsa mawu, n'chifukwa chake ndimamulekerera.

Lachiwiri ndinapita kuntchito kukapereka mapepala. Kapitawo anandilowetsa mu ofesi, n'kundikokera mpando, n'kundithirira khofi. Zaka zonse ndagwira pakampani imeneyi sindinadziwe kuti mu ofesimo muli makapu. Tinakambirana zina ndi zina. Ndidzakuuza zikakhazikika.

Wati ukufuna kubwera kudzandisamala. Usabwere. Amayi uwasiyira yani, nanga nkhumba? Chipinda chino ndi bedi limodzi ndi mbaula, ungadzangolira.

Wati masiku ano ukukwera kukatchalitchi ka paphiri m'mawa uliwonse. Anthu adabwa, Deolinda, poti amakudziwa kuti ndiwe wa Lamulungu lokha. Pempherera m'nyumba, Mulungu amamva.

Ndipo funso lako lija landisokoneza. Ukufuna kudziwa kutalika kwanga kuti utani nako? Ukundisokera suti kapena ukundikhomera bokosi? Ndi mita imodzi ndi masentimita makumi asanu ndi awiri, ngati sindinafupike.

Ndine wako,
Armindo

Esch
19 Meyi 1996

Deolinda,

Moni. Ndili bwino ndithu, kuposa mmene anthu ena akufunira. Ndikhulupirira nawe uli bwino.

Lachinayi tinapita ku Wiltz ndi Apwitikizi anzathu kukalemekeza Amayi Maria, monga timachitira chaka chilichonse. Nditakhala paudzu ndikudya buledi ndi soseji, ndinangomva mawu kumbuyo kwanga. Anali Natércia wa kumtunda kwa chitsime, uja amakolopa m'maofesi ku Differdange.

"Armindo, wayima ndi miyendo yako? Ife tinamva kuti ukuyendera batire ngati tochi."

Ndinamufunsa kuti wamva kwa yani. Anati mchemwali wake anamulembera, mudzi wonse ukudziwa, ndipo anandipempherera pa Misa dzina langa n'kutchulidwa paguwa, pakati pa odwala kwambiri. Sindikufunsa kanthu. Ndangokuuza zimene ndamva.

Tsopano imva zabwino. Nditapita kukapimitsa kamakina ndinatenga chithunzi chija cha mdipiti wa chaka chimene Albano anathyoka dzino. Ndinachiika patebulo la Dokotala Weis, n'kuloza ndi chala kuti uyu ndine, uwu ndi mtengo, ili ndi phewa. Anachiyang'ana nthawi yaitali. Anafunsa kuti galuyo ndi wa chiyani, ndinati ankamubweretsera Woyerayo buledi atadwala m'nkhalango. Anafunsa kulemera kwake ndi kutalika kwa mtunda. Kenako anavula magalasi.

"Bambo Seixas, ndinakufunsani. Mukanandiuza, ndikanakaika kumanja. Sizinali zovuta ngakhale pang'ono."

Mawu amenewa ndayenda nawo sabata yonse. Koma ananenanso zina. Kumanzere ayi, mpaka kalekale, poti mtengo ungaphwanye waya. Koma kumanja, nditaika kansalu kochindikala, ndikazolowera pang'onopang'ono, palibe choletsa. Akuti mtima wanga tsopano ukuyenda bwino kuposa wa anyamata osuta fodya. Ndiziyenda, ndizipalasa njinga, ndikafuna ndizisambira. Akuti kamakinaka sanandiikire kuti ndikhale pampando.

Ndiye nkhani ndi yapafupi. Ine ndi Albano tisinthane mbali. Iye abwere kumanja, ine ndipite kumanzere, mtengo ugwere paphewa langa labwino. Msinkhu wathu ndi umodzi, Woyera sangapendeke. Tonse tikhalabe kutsogolo. Agogo akumanda atikhululukira.

Ndayamba kale kuzolowera. Belmiro anabwereka paipi ya nsanja kuntchito, tinamangirira thumba la mchenga pakati, ine kutsogolo iye kumbuyo, n'kumakwera phiri la migodi lija. Azungu okalamba oyendetsa agalu awo amaima n'kumatiyang'ana. Belmiro amawavulira chipewa n'kumaimba kuti Mchenga Woyera mutipempherere.

"Ponda bwino iwe Wailesi," amatero. "Ukazima panjira ine ndinyamula mchenga, uli ndi mwini wake. Iweyo akutola a zinyalala Lolemba."

Phewa lakumanja ndi mbuli, Deolinda. Silidziwa kanthu. Mwendo umene ndimayambira kuponda nawonso uyenera kusintha, ndipo thupi limakana ngati bulu. Tsiku loyamba ndinasupuka khungu. Koma lero tafika pamwamba osatula, ndipo ndinaima pamenepo mtima ukugunda mwadongosolo, thukuta lili kamukamu, ndikuona machumuni a fakitale ya zitsulo pansipo. Ndinaseka ndekha ngati chitsiru.

Pita kwa mlongo wako ukamuuze zimenezi. Iwe amakumvera. Umutengere botolo la vinyo wa chaka chatha, wa mumgolo waung'ono.

Ndikudikira yankho.

Armindo

Esch
23 Juni 1996

Deolinda,

Kalata yako ndalandira. Unaichedwetsa, ndipo nditaiwerenga ndinamvetsa chifukwa chake. Wati uli bwino, ndathokoza. Ine thupi lili bwino.

Wavomera kuti ndiwe unauza Bambo Mfumu, kuti andichitire Misa. Chabwino. Ndinakupempha chinthu chimodzi m'zaka zonsezi ndakhala ndikutumiza, chimodzi chokha. Tizisiye.

Ndiye Albano akuti sangasunthe, poti ndi malo a bambo ake, ndiponso phewa lake lakumanzere limamuvuta nyengo yozizira. Mu Ogasiti muli nyengo yozizira? Munthu amene ndinamunyamulira matumba a simenti tchuthi changa chonse pamene ankamanga nyumba yake. Chaka chimene anamwa n'kugwa ndi njinga, ndani anasenza mbali yake theka la mtunda, anthu osazindikira? Umufunse.

Ndipo a komiti, akuti pondiganizira, apereka malo anga chaka chino kwa Rui, mkamwini wa Albano. Mnyamata wa mumzinda wogulitsa matailosi, amene pa mdipiti amayenda cham'mbuyo ndi kamera. Banja la Seixas latsika pa machira popanda wondifunsa ngakhale mawu amodzi. Akuti andisungira mpando pamthunzi, pakhomo la tchalitchi, pafupi ndi a Custódio amene sadziwanso dzina la mkazi wawo. Uwathokoze.

Kuno nakonso andiganizira. Pansanja sindikweranso, akuti a inshulansi sangalole. Andiika mosungira zida. Ndimapereka mafosholo ndi zipewa m'mawa, n'kuzilandira madzulo, pakatipo ndimasesa. Anyamata amene ndinawaphunzitsa kumanga zitsulo amabwera pazenera n'kumati, "Muli bwanji lero, achikulire?" Ndalama za maola owonjezera zatha, ndiye zimene ndizitumiza zikhala monga waonera mwezi uno. Mawindo a chipinda chapamwamba aja tiyeni tiwaiwale kaye.

Chimene chikundipweteka n'chakuti sindikudwala. Ndikanakhala wodwala ndikanagona, n'kumalandira supu ndi chisoni mosangalala. Koma ndili ndi mphamvu zimene sindinakhale nazo kwa zaka khumi, ndipo kulikonse ndikupita anthu akundikokera mpando.

Lamulungu lililonse tikukwerabe phiri. Tawonjezera thumba lachiwiri. Belmiro wasiya kuimba, akuti msana, koma akubwera.

Mphesa uzipopere mankhwala mvula ikangokata, usadikire Zeferino.

Armindo

Esch
28 Julayi 1996

Mkazi wanga,

Moni kwa iwe ndi amayi. Ndili bwino.

Ntchito titseka Lachisanu, ndipo Loweruka m'mamawa ndinyamuka. Ndibwera ndi Belmiro ndi mkazi wake mpaka ku Chaves, kufupi ndi kwathu, tizisinthana chiwongolero. Ndatenga khofi, chokoleti cha amayi, ndi lamba wa makina ochapira. Nsapato zimene unanena sindinazipeze za saizi yako.

Malaya anga oyera uwachape, uwasite. Kansalu ka paphewa ndasoketsa kuno.

Nkhani za amuna sizitha pakalata, ndiponso ndinalakwa kukutuma. Albano ndikaonana naye ndekha, maso ndi maso. Akafuna ndikamunyamula iyeyo paphewa lakumanja kuzungulira naye bwalo la tchalitchi, komiti yonse ikuona.

Wandilembera kuti pali zimene ukufuna tikakambirane ndikafika. Tikakambirana chikondwerero chikatha.

Armindo

Esch
8 Sepitembala 1996

Deolinda,

Ndinafika bwino. Ndikhulupirira amayi ali bwino. Za iwe ndifunsa kumapeto.

Ndinachoka osakudzutsa, ndipo masabata awiri otsiriza aja tinakhala m'nyumba imodzi ngati anthu odikira basi. Pakamwa sindinathe. Ndiye ndilemba mmene ndinazionera ine, poti iwe unali ndi maso pansi.

Ndinapita kwa Albano ndili wokonzeka kukangana. Ndinamupeza akutsuka migolo. Sanakweze mawu. Anandithirira vinyo, n'kukhala pachitsa, n'kunena kuti, "Mlamu, ine kusintha mbali si nkhani. Ndikanasintha tsiku lomwelo. Mlongo wanga anabwera kuno mu Meyi, anandigwira miyendo akulira. Kafunse kunyumba kwako." Za phewa lozizira zija akuti munapangana nonse awiri.

Ndipo unandiuza, utaimirira pafupi ndi mbaula, manja uli m'thumba la epuloni. Kuti tsiku limene Belmiro anaimba foni unakwera phiri n'kukalonjeza kwa Roko Woyera. Ndikatuluka wamoyo, udzakwera mtunda wonse chogwada kumbuyo kwa machira. Ine ndidzayenda pambali pako ndi kandulo yotalika ngati ine. Ndipo phewa langa silidzalowanso pansi pa mtengo, lakumanzere kapena lakumanja. Unatulutsa kanduloyo kuseri kwa kabati, ndi mtima wa phula wokapereka kuguwa. Ndinakuuza zimene dokotala ananena. Unati dokotalayo sunalonjeze kwa iye.

Maondo ndi ako, Deolinda, ukanatha kuwalonjeza. Koma unapereka chinthu chimene sichinali chako. Ndiponso sichinali changa ndekha.

Unadziwanso kuti sindingakane. Ndine mwana wa mudzi umene uja. Mkazi wanga sangakhale wabodza pamaso pa Woyera chifukwa cha ine, anthu n'kumadzati taonani chimene chawagwera. Unanditsekera khomo ndi kiyi amene sindingamukhudze.

Mdipiti sindinauonepo chibadwire, ukudziwa? Ndili mwana ndinkathamanga kutsogolo ndi anzanga kutola timitengo ta makombola. Nditakula ndinkaona msewu wokha ndi anthu akupatuka. Chaka chino ndaona msana wa Woyera. A komiti anapenta kutsogolo kokha. Ndaona Rui akuyamba ndi mwendo wolakwika, machira akugwedezeka ngati bwato, Albano akumutukwana chapansipansi. Anafika nawo, sindinganame. Ndi wamphamvu, adzaphunzira. Ndipo amayi okalamba aja ankandilozabe. Sankati mwana wa Tomé. Ankagwira pachifuwa pawo n'kupendeketsa mutu, ena n'kundisisita mkono podutsa, monga timachitira ndi wamasiye.

Iwe unali pansi, nsanza zili m'maondo, mtima wa phula uli m'manja. Pokhota pa nyumba ya a Custódio nsanza zinali zitafiira kale. Ndinakuuza kuti dzuka, Woyera waona, zakwana. Unangopitiriza kukwawa. Pamtunda woima uja, pamene ife onyamula timasiya kuyankhula, unayamba kugwera kutsogolo. Kandulo inali kudzanja lamanja, ndiye ndinakukola ndi lamanzere, ndipo unakwera chotsamira pa ine mpaka pakhomo la katchalitchi. Sindikudziwa ngati unazindikira mbali imene unatsamira. Ndiwe wolemera kuposa gawo langa la machira, ndipo palibe chimene chinachitika. Lachinayi anandipima, akuti zonse zili m'malo mwake, batire ili ndi zaka zambiri kutsogolo. Ndinafuna uzidziwe zimenezi, ngakhale sizisintha kanthu.

Ndikudziwa kuti unachita mantha. Ndimayesa kukuona ukuthamanga kuchoka kugolosale kwa Graciete, shawelo ikugwa, wekhawekha, mwamuna ali kutali m'manja mwa anthu amene sudziwa chiyankhulo chawo. Ndikakuona choncho mtima umafewa. Kenako ndimakumbukira msana wa Woyera uja.

Ndalama ndatumiza Lachisanu. Zokolola mphesa uitane ana a Natércia, uwaphikire bwino. Denga la khola sindinalikhudze, upeze munthu mvula isanayambe.

Chaka chilichonse kampani imasowa munthu wolondera zida mu Ogasiti, anthu onse akapita kwawo. Kapitawo anafunsa Lolemba za chaka chamawa, mwamwambo chabe, akudziwa kuti Mpwitikizi savomera zimenezo. Ndinakweza dzanja. Belmiro sakundiyankhula.

Ndidzabwera pa Khirisimasi, kukuzizira, anthu ali m'nyumba zawo. Maondowo usamawatsuke ndi vinyo wosasa monga akukuuzira amayi ako. Pita kwa namwino, ndipo usagwade pochapa mpaka atapola. Ukandilembera undiuze mmene alili, usandibisire. Za Woyera usandiuze.

Ndine mwamuna wako,
Armindo